Mchombo wa Mwana wa Nkhwali

Iyi simuikhulupirira, ndikudziwa kale. Ndinaikambapo pa chigayo tikudikira magetsi, ndipo mwa anthu khumi anaivomera ndi mmodzi yekha, iyenso ndinamva pambuyo pake kuti khutu lake lina ndi lakufa. Koma yesani inuyo, mwina muli ndi mtima wolimba kuposa a pachigayo. Ine sukulu ndinalekera Sitandade 4, ndiye bodza lalitali chonchi sindingalipeke ndekha. Muziti tili tonse, ngakhale pakamwa pokha.

Panangokhala dziko la nyama limene linatopa ndi ufumu wobadwa nawo. Mkango womaliza utaguluka mano, akuluakulu anakhala pa bwalo masiku atatu n'kugwirizana kuti dziko lizisankha Pulezidenti madzinja asanu aliwonse. Anapanganso malamulo a yemwe angaime nawo pa chisankho, ndipo mlembi wa boma, Nungu, anazula munga wake umodzi n'kuwalemba pa chikopa. Analipo anayi. Loyamba linati mchombo wa munthuyo ukhale kuti unagwera m'dziko lomwelo. Lachiwiri linati akhale wokhwima, woti waona moto wa tchire kakhumi. Lachitatu linati mutu wake uziyenda bwino. Lachinayi linati asakhale kuti anadya nzika inzake m'madzinja asanu ndi awiri apitawo. Odya nyama lachinayilo silinawavute, ankangowoloka mtsinje kukadyera kwa eni, kumene kulibe voti yawo.

Pa bwalo paja panakhala Njovu, Njati, Mvuu ndi Njiri. Onsewo anakula n'kuyamwa. Palibe anacheuka kuona kuti wa nthenga kapena wa mamba panalibe ndi mmodzi yemwe.

Boma linalamula kuti malamulowo aziphunzitsidwa m'sukulu zonse. Pa sukulu ya pa chulu mphunzitsi anali Msulu, amene ntchitoyo anaipeza ndi pakamwa, osati satifiketi. Asanagwire choko anali wakuba mazira, ndipo chinsinsi chimenechi ankachidziwa ndi iye yekha ndi mwala wina wafulati. Ankatenga dzira, n'kufulatira mwalawo, n'kuliponya kudutsa pakati pa miyendo yakumbuyo, phwaa. Koma zimenezo anali atazisiya madzinja awiri apitawo, moti akakumana ndi thadzi pa njira ankapereka moni maso ali kumwamba.

Mwana sagwira lamulo louma, ndiye Msulu anawaika onse anayi m'nyimbo. Iye ankatsogolera ndi mawu okwera, kufunsa kuti wolamulira dziko akhale wotani, ana n'kumavomera lamulo limodzilimodzi uku akuponda pansi. Nyimboyo inkayambira pa lachinayi, pamene ankatseka pakamwa ndi dzanja. Pa lachitatu ankagwira mutu. Pa lachiwiri ankawerama ngati nkhalamba. Koma pamene ankapakonda kwambiri ndi pa loyamba, chifukwa aliyense ankabaya mchombo wake ndi chala, kalasi yonse n'kufa nacho chiseko.

M'kalasimo munali mwana wa Nkhwali, dzina lake Ndatsala. Anali ndi kanthenga kamodzi pamutu kopendekera kumbali, kamene ngakhale akanyowetse ndi malovu sikankagona. Mayeso onse woyamba anali iye. Tsiku limene anayamba sukulu anauza anzake kuti adzakhala Pulezidenti, anzakewo anaseka, iye sanaseke nawo.

Tsiku lina nyimbo ili pakati, Msulu anaona kuti mwanayo wasiya kuimba. Anali atapisa mlomo mu nthenga za pamimba, akufufuza.

"Aphunzitsi, wanga uli pati?"

"Chiyani?"

"Mchombo."

Msulu anamuuza kuti afufuze bwino, zinthu zina zimabisala. Mwanayo anati wafufuza masiku atatu, amayi ake amuthandiza, ndipo amayi akewonso alibe. Pomwepo mwana wa Fulu anadzigadabuza kuti aone pake. Wa Ng'azi anachita chimodzimodzi, wa Bakha nayenso. Theka la kalasi linapezeka kuti masiku onsewa linkangobaya pamimba posalala.

"Ndiye kuti ife obadwa m'dzira sitingakhale Pulezidenti?" anafunsa Ndatsala.

Msulu, amene pakamwa pake sipanasowepo mawu chibadwire, anangoti funso limenelo silibwera pa mayeso.

M'mawa mwake Ndatsala sanabwere. Mkuja wake sanabwere wa Fulu ndi wa Bakha. Sabata isanathe onse a m'dzira anali kwawo, ndipo nyimbo ija inkamveka ngati ng'oma yonyowa.

Msulu anapita kwa Mayi Nkhwali. Anawapeza akupalasa, ndipo anamulandira bwino, n'kumupatsa chiswe m'tsamba. Anati mwanayo wakana, akuti sangamaimbe nyimbo imene iye mulibemo. Iwo anamuuza kuti a nthenga chawo n'kupalasa, zolamulira n'za oyamwa, koma mwanayo mutu wake ndi wouma chibadwire.

"Musamudabwe, aphunzitsi," anatero mayiwo. "Uyu anabwera movuta."

Anafotokoza kuti madzinja awiri apitawo anaikira mazira asanu ndi anayi patsinde pa mthethe, pafupi ndi mwala wina wafulati. Tsiku lina anapita kukamwa madzi, pobwera anapeza chisa chili mbee. Analira mpaka mawu kutha. Kenako anaona dzira limodzi lili pambali pa mwalawo, lozizira, lokalikakalika mbali imodzi. Analigubuduzira m'chisa n'kulifungatira, osayembekezera kanthu. Ndi limene linatulutsa mwanayu, n'chifukwa chake dzinalo.

Msulu anasiya kutafuna chiswe. Mthethe umenewo ankaudziwa. Mwalawo ankaudziwa kuposa mphasa yake.

Anaitana mwanayo, amene anali atabisala m'tchire pafupi pomwepo, n'kumuuza kuti sukulu ikumudikira. Mawu anatuluka m'tchiremo, mwini wake osaoneka.

"Mukandipezera mchombo ndibwera."

"Ndikupezera chisankho chisanafike," anatero Msulu. Mmene adzaupezere sankadziwa.

Woyendera sukulu m'dera limenelo anali Njiri, mmodzi wa akuluakulu a pa bwalo paja, ndipo chaka chimenecho anali atalengeza kuti aima nawo pa chisankho. Wopikisana naye panalibe. Ankayenda mchira uli njo ngati wanyamula kale mbendera.

Poyamba Msulu anayesa njira yaifupi. Anakumba kamuzu ka mbatata, n'kukaumitsa padzuwa, n'kukapotokola bwinobwino, n'kukakwirira patsinde pa mtengo wina. Njiri atabwera kudzayendera sukulu, Msulu anamuuza kuti zadziwika tsopano, mbalame nazo zimakhala ndi mchombo, kungoti umagwa msanga ndipo amayi ake amaubisa. Wa mwana wa Nkhwali wapezeka, bwana angabwere adzaone okha. Anatenga ana otsala aja kuti akaimbe, mwambo ulemere. Anaimba nyimbo yawo kuyambira pa lachinayi kubwerera m'mbuyo, kuti pamchombo pakhale pomalizira, uku Njiri atagwada akufukula ndi mphuno.

Njiri anakapeza. Anakanunkhiza, anakatembenuza, kenako anakaponya m'kamwa.

"Mbatata iyi," anatero akutafuna. "Yofiira mkati. Ilipo ina?"

Ana anaseka mpaka kugwa. Njiri atameza ndi pamene anazindikira kuti amafuna kumupusitsa, ndipo anauza Msulu kuti akadzayesanso zotere choko adzachiona m'manja mwa wina.

Kachiwiri Msulu anapita ku khoti, kumene woweruza anali Njati. Anapita ndi ana aja, n'kupempha mwaulemu kuti akuluakulu athandize phunziro. Anati ana aphunzira kuti mchombo wa Pulezidenti uyenera kukhala unagwera m'dziko lino, ndiye akufuna aone ndi maso. Mkulu aliyense awatengere pamene panakwiriridwa wake, aufukule, ana akhulupirire. Anawo anayamba nyimbo, ndipo atafika pa loyamba analoza akuluakuluwo mmodzimmodzi, mawu akukwera.

Njovu anati wake unakwiriridwa kale kwambiri, malowo panamera nkhalango. Mvuu anati wake unapita ndi madzi. Njati anayang'ana kumwamba ngati kukubwera mvula. Fisi, amene anakhala kumbuyo kwenikweni, anatsokomola n'kunena kuti asavutike kufufuza, m'dziko muno mulibe mchombo umene unagonapo m'dothi masiku awiri, ndipo asamufunse kuti akudziwa bwanji.

Msulu anati ngati zili choncho ndiye kuti palibe angaonetse mchombo, oyamwa ndi a m'dzira ali chimodzimodzi. Ankaona ngati wapambana. Koma Njiri anaimirira n'kunena kuti woyamwa aliyense ali ndi chipsera pamimba, ndiponso ali ndi azamba amene anamuona akubadwa, amenewo ndiwo mboni. Nanga wa m'dzira azamba ake ndani? Chisa chimabisidwa, palibe amaona.

"Ndipo tisanamizane pano," anatero Njiri. "Dzira si mwana. Dzira ndi katundu. Katundu amachokera kulikonse."

Akuluakulu anapuma mpweya wa pansi, Njati n'kugamula kuti zikhale mmene wanenera Njiri. Potuluka Msulu anaona kanthenga kopendekera kaja kakusuzumira kuseri kwa mpanda. Mwanayo anali atamva zonse. Anangotembenuka n'kumapita.

Masiku atatu Msulu anakhala pamwamba pa chulu osadya bwino. Mboni yoona chisa chobisika inalipo, ndipo anali iye. Koma akanangopita kukanena kuti ndinaona, Njiri akanati waona katundu, nkhani n'kuthera pomwepo, iye n'kutaya dzina pachabe. Panafunika kuti amene anati dzira ndi katundu alavule yekha mawuwo, pamaso pa anthu, ndipo awalavule mokondwa. Njira anaipeza tsiku loyamba lomwe. Masiku awiri enawo ankangowerenga zimene idzamudyere: choko, moni wa pa njira, ndi maso a mwana uja.

Tsiku lachinayi anatsika n'kukalembetsa kwa Nungu kuti nayenso aima pa chisankho.

Nungu anamufunsa malamulo anayi aja. Azamba ake analipo, gogo wina wa Nyani amene ankamukumbuka chifukwa anamuluma chala tsiku lobadwa. Moto anali atauona kakhumi ndi kawiri. Mutu unkayenda, mwinanso mopitirira. Pa lachinayi Msulu anati sanadyepo chilichonse chimene khoti limachitcha nzika, ndipo Nungu analemba.

Kampeni ya Msulu inali yoopsa. Analonjeza mbewa kuti una uliwonse udzakhala ndi makomo awiri. Analonjeza achule kuti chilimwe chidzafupikitsidwa. Nyama zing'onozing'ono, zimene nthawi zonse zimachuluka kuposa zazikulu, zinayamba kumutsata pambuyo zikuvina. Njiri anayamba kuonda. Mchira uja unkaima mpaka pakati pokha.

Tsono pali mwambo wina wakale kuposa zisankho. Njiri nkhupakupa sangadzichotse yekha, ndipo chiyambire dziko amene amamuchotsa ndi a mtundu wa Msulu. Njiri amagona chammbali, maso n'kutseka, msulu n'kumayenda pathupi pake akutola. Wina amapepukidwa, wina amakhuta. Ngakhale pakhale mlandu pakati pawo, Loweruka likafika mwambowo sulephereka. Ndiye Loweruka limenelo Njiri anagona pansi, wopikisana naye n'kukwera pamsana.

Msulu anayamba ndi kutola za m'khosi. Atafika kuseri kwa khutu anausa moyo, n'kuyamba kulankhula ngati akudzilankhulira yekha. Anati chisankho chikuoneka kuti chatha kale, anthu amukonda, kungoti pali kanthu kamodzi kamene kamamudzidzimutsa nthawi zina. Zigoba zija. Anayenera kuzitaya mu mtsinje kalekale, m'malo mozikankhira pansi pa mwala wafulati pafupi ndi mthethe.

Khutu la Njiri linagwedezeka.

"Zigoba zanji?"

"Aa, mwadzuka, bwana? Za mazira basi. Zakale, madzinja awiri apitawo. Koma palibe nkhani, mwamwayi munanena nokha ku khoti kuti dzira ndi katundu. Munandipulumutsa tsiku lija."

Njiri anati n'zoona, n'zoona, n'kutsekanso maso. Koma Msulu ankamva mtima wa mkuluyo ukugunda pansi pa mapazi ake. Asanamalize mwendo wakumbuyo, Njiri anati wakumbukira kuti ali ndi msonkhano, n'kuthamanga nkhupakupa zina zili lende.

Lolemba Msulu anaitanidwa ku khoti. Bwalo linadzaza mpaka m'mitengo. Pakati panali mulu wa zigoba, ndipo pambali panakhala Mayi Nkhwali, amene Njiri anawaitana ngati mboni osawauza kuti woimbidwa mlandu ndi ndani. Ndatsala anali pambali pa amayi ake.

Njiri anati munthu amene akufuna kulamulira dzikoyu anadya nzika zisanu ndi zitatu tsiku limodzi, ndipo lamulo lachinayi likumukana. Njati anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Si inu munati dzira ndi katundu?"

"Ndinalankhula ndili ndi njala, bwana woweruza. Ndaganiza bwino tsopano."

Msulu anaimirira kudziteteza, ndipo zida zake zinali mawu a Njiri omwe aja, amodziamodzi. Anati mazirawo mwina anachokera kutsidya kwa mtsinje, nanga katundu sachokera kulikonse? Njiri anaseka n'kufunsa bwalo ngati alipo anaonapo nkhwali itasenza dzira pamutu ikuwoloka mtsinje. Ili ndi manja? Dzira pamene laikiridwa ndi pomwepo, silisuntha, limaposa ndi mwana wa mbawala amene amabadwa lero mawa ali dziko lina.

Msulu anati komabe dzira lilibe mchombo. Njiri anatola chigoba n'kuchikweza m'mwamba kuti onse aone.

"Nanga ichi n'chiyani? Mchombo ndi chimene chinakudyetsa usanaone dzuwa, n'kutsala pansi iwe utapita. Wa mbalame ndi uwu. Ndiponso uwu ndi wabwino kuposa wathu, Fisi sadya."

A m'mitengo anaombera mapiko. Njiri anamva kukoma, chifuwa chinatukumuka.

Msulu anati chatsala chimodzi, palibe azamba, palibe anaona chisacho. Njiri anati mboni ilipo, ndipo ndi yoposa azamba, chifukwa azamba amaona mwana kamodzi koma wakuba amazonda chisa sabata yathunthu. Mboniyo ndi woimbidwa mlandu yemweyu.

Apa Msulu anagwetsa mutu ngati wathedwa. Anati iye ndi munthu wa sukulu, mawu a pakamwa sawakhulupirira, lero anena izi mawa anena zina akakhuta. Ngati khoti likunenetsa kuti dzira loikiridwa m'dziko lino ndi nzika, ndipo chigoba ndiwo mchombo wake, zilembedwe pa chikopa pomwe pali malamulo. Zikalembedwa avomera mlandu. Zikapanda kulembedwa akana mpaka tsiku la voti.

"Lembani msanga, a Nungu," anatero Njiri. "Lembani asanasinthe maganizo."

Njati anavomera ndi mutu. Nungu anazula munga watsopano n'kulemba, kenako anawerenga mokweza, Njati n'kupondapo chiboda.

Msulu anatembenuka, koma sanayang'ane woweruza. Anayang'ana Mayi Nkhwali.

"Ndinali ine, mayi. Ndinazonda chisa chanu masiku asanu ndi limodzi. Munapita kukamwa madzi dzuwa lili pamutu."

Mayiwo sanagwedezeke. Ndi mwana yekha amene anasendera pang'ono kulowa pansi pa phiko la amayi ake, chinthu chimene anali atasiya kalekale.

Njiri anayamba kuvina. Koma Msulu anapempha kuti afunse funso limodzi asanalandire chilango, poti mphunzitsi sachoka m'kalasi samu ili pakati. Anafunsa Nungu kuti zigobazo ndi za mazira angati. Nungu anati asanu ndi atatu. Anafunsa kuti Mayi Nkhwali mu umboni wawo anena kuti m'chisamo munali angati. Nungu anati asanu ndi anayi.

"Lachisanu ndi chinayi lili kuti?"

Mitu yonse inatembenukira kumodzi. Kanthenga kopendekera kaja kanali kakutuluka pansi pa phiko.

Msulu anati mwana uyo anaikiridwa m'chisa chimodzi ndi nzika zisanu ndi zitatu zimene khoti lazilira lero. Mboni ndi iye, wakuba, amene bwana Njiri anena okha kuti amaposa azamba. Tsono khoti linene ngati mwanayo, akadzaona moto kakhumi, mutu uli bwino, asanadye mnzake, angaime pa chisankho kapena ayi.

Njiri anasiya kuvina mwendo uli m'mwamba. Anati zimene amatanthauza iye ndi mazira odyedwa, osati amoyo. Anati mwina alankhulanso ndi njala. Njati anabzikula kanthawi, n'kunena kuti chikopa sichimva njala, cholembedwa chalembedwa. Mwanayo angaime, ndi wa Fulu yemwe, ndi wa Ng'azi, ndi aliyense amene chigoba chake chinagwera m'dziko lino.

Phokoso la m'mitengo linamveka mpaka kutsidya. Litatha, Njati anagamula mbali inayo, chifukwa mlandu suola. Msulu asaime pa chisankho madzinja asanu ndi awiri, ndipo choko apereke lero lomwe, poti sizingatheke kuti wodya ana aziphunzitsa ana. Msulu anachitulutsa kuseri kwa khutu, kachidutswa kakang'ono kotha kale, n'kukaika pansi pafupi ndi zigoba.

Anthu akubalalika, Mayi Nkhwali anadutsa pafupi naye. Ena ankayembekeza kuti amujompha m'maso, ena kuti amuthokoza. Iwo anangoima pang'ono.

"Asanu ndi atatu, aphunzitsi," anatero, n'kumapita.



Chisankho anapambana ndi Njiri, poti anatsala yekha, koma madzinja asanu onsewo ankati akaona mwana wa mbalame atanyamula buku, chakudya chinkamukanika. Ku sukulu ya pa chulu kunabwera mphunzitsi wina, Ng'azi, woyamba wa m'dzira kugwira choko. Ana onse anabwerera, ndipo nyimbo ija inasintha pa lamulo loyamba. Oyamwa ankabayabe pamimba, koma a m'dzira ankagogoda pamutu kawiri, monga amachitira mwanapiye pofuna kutuluka, ndipo mbali ziwirizo zinkapikisana kuti amveke kwambiri ndani.

Msulu anabwerera ku nkhupakupa. Koma nthawi ya nyimbo ikakwana ankapezeka kuseri kwa chulu, atakhala pansi, akunamizira kuwothera dzuwa.

Tsiku lina pa buleki anamva mapazi aang'ono. Ndatsala anaima patali pang'ono, poti sangamufikire ndi dzanja.

"Bwanji ine simunandidye?"

Msulu anati atalitola dzira lomalizalo anamva kanthu kakulira mkati, kamawu kakang'ono ngati ka nkhululu. Mtima unamuwawa, manja anafooka, ndipo analiika pansi bwinobwino n'kuchoka, osadzakhudzanso dzira kuyambira tsiku limenelo.

Mwanayo anamuyang'ana ndi diso limodzi, kenako ndi linalo, monga zimachitira mbalame. Anati iye moto wauona kawiri, watsala kasanu ndi katatu, pamene aphunzitsi chilango chawo ndi madzinja asanu ndi awiri, ndiye aphunzitsiwo adzamasuka iye asanakwane. Adzaimanso? Msulu anati ayi, mtundu wa anthu olonjeza achule chilimwe chachifupi suyenera kuyandikira mpando.

"Aphunzitsi atsopanowa nyimbo akumaiyambira pansi kwambiri," anatero Ndatsala. "Ikafika pa loyamba ife mawu amakhala atatithera. Mawa mudzaiyambe ndinu, kuseri konkuno, iwo adzatsatira."

"Amayi ako akudziwa kuti uli kuno?"

"Akudziwa. Akuti sanakukhululukireni. Inenso sindinatero. Koma mudzaiyambe."

M'mawa mwake nyimbo inayambira kuseri kwa chulu, mawu okwera aja, ndipo Ng'azi anachita ngati sakudziwa kumene akuchokera.

Ndi pamenepa pamene a pachigayo ananditsutsa, amati nyama sizivota. Zimenezo musandifunse ine, kafunseni Njiri. Zonse ndakuuzanizi zinachitika mmene ndanenera, mbatata, nkhupakupa, chikopa, zonse. Pamene ndaikapo zanga ndi pamodzi pokha, pa yankho lija la kamawu kolira m'dzira ndi mtima kuwawa. Limenelo ndapeka ndine, ndinaona kuti pakhala ana pano. Msulu tsiku limenelo sananame, kanali koyamba m'moyo wake. Anamuuza mwanayo kuti anafulatira mwala n'kumuponya ali m'dzira katatu ndi mphamvu zake zonse, katatu konse iye n'kukana kusweka, mpaka msana unamupweteka n'kumusiya pomwepo. Ndipo mwanayo anagwira kanthenga kake kopendekera kaja, n'kunena kuti ankadziwa kale.